Dzina Lawo pa Chithunzi cha Dzanja

Amuna anga anali olemba zikwangwani ku Mchesi, mu Lilongwe. Kashopu kawo kanali pakati pa okhoma mabokosi a maliro ndi owotcherera zitsulo, choncho ntchito yawo yambiri inali yolemba mayina pa timalata tokhoma pa mtanda wa kumanda. Ankalembanso mayina a magolosale, mabaji a yunifolomu za sukulu ndi nsalu za makwaya. Sankayamba ndi burashi ayi. Ankayamba adula zilembozo pa pepala lolimba, kenaka n'kuliyala pa lata kapena pa nsalu, n'kumadinda penti ndi siponji m'mabowomo. Akanyamula pepala lija, dzina limatsala lokha, looneka bwino. Pepala lobowoledwalo ankalitcha sitensulo.

Pepala labwino kuposa onse linali filimu ya ekisireyi, chithunzi cha mafupa chimene amapereka kuchipatala. Silinyowa, silipindika msanga, ndipo ukalipukuta ndi palafini umaligwiritsanso ntchito. Anthu ankawabweretsera zakale zimene anathana nazo. Ntchito yanga inali kuzinyika m'mankhwala oyeretsera zovala mpaka chakuda chonse chitachoka, kutsale pepala loonekera ngati galasi. Ndatsuka nthiti za anthu ambiri, mawondo ndi zigaza, osawadziwa eni ake. Ndinkagwiranso sitensulo m'mbali kuti isasunthe iwo akamadinda. Koma lezala sindinagwirepo. Kudula kunali kwa iwo okha.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Kuwerenga ndimawerenga, koma pang'onopang'ono, chala chili pa mzere. Zilembo ndinazidziwira pa benchi la amuna anga, ndipo ankandiphunzitsa ngati akunena za anthu. Ichi n'choonda, ichi chatambasula miyendo, ichi chili ndi mimba imodzi, ichi ziwiri. Zamimbazo ndi zimene zimavuta. Ukadula kuzungulira chilembo chonse, mimba ija imagwa, ndiye m'malo mwa chilembo umapeza chibowo. Pamafunika kusiya timizere tosadula togwira mimbayo. Iwo ankati timilatho. Akamaliza kudinda ankatenga kaburashi kakang'ono n'kutseka mipata ya timilathoto, moti munthu sukanadziwa kuti panadutsa sitensulo. Apa ndi pamene ankanyadira.

Tinali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Ndi namwino pa chipatala chachikulu cha ku Nedlands, kuno ku Perth, kutsidya kwa nyanja. Atatsala pang'ono kuchira anandiitana kuti ndidzamuthandize khanda, poti mkamwini wanga amagwira ntchito kutali kumigodi ndipo amabwera mwa apo ndi apo. Tsiku lolongedza, amuna anga anaona kuti mapepala anga a ulendo akupindika m'chikwama. Anapita kushopu n'kubwera ndi filimu imodzi yosatsuka. Ndinaizindikira. Inali ya dzanja lawo lamanja, ya chaka chimene anagwa pa makwerero akulemba dzina la chigayo, n'kuthyoka fupa pafupi ndi chikhatho. Imeneyo ankakana kuti ndiitsuke. Anaika mapepala anga pamwamba pake n'kumanga ndi mphira.

"Dzanja langali lipite nawe," anatero. "Koma ukabwere nalo, ndimadyera lomweli."

Ndinaseka. Ndinkayenera kukhala miyezi yochepa chabe. Kenaka kunabwera matenda aja, ndege zinasiya kuuluka, malire anatsekedwa. Otuluka sankaloledwa kubwereranso, ndipo mwana wanga ankagwira ntchito usana ndi usiku, khanda lili m'manja mwanga. Amuna anga ankati ndidikire, ziphwa. Tinkayankhula pa foni tsiku lililonse. Ankandiuza kuti ntchito yachuluka, timalata sitikukwana, ndipo sankanena mokondwa.

Anamwalira chaka chotsatira, mkati mwa dzinja. Anadwala masiku ochepa. Amene anandiimbira ndi alamu anga, mng'ono wawo, amene amawotcherera zitsulo pafupi ndi shopu ija. Maliro anaikidwa tsiku lomwelo. Panalibe kugona pasiwa, panalibe kuona nkhope. Ndinaonera pa foni ya mwana wanga, titakhala pansi m'chipinda chochezera. Ndinaona anthu ovala zoyera thupi lonse akutsitsa bokosi ndi zingwe, kenaka chithunzi chinaima, ndipo pamene chinayambanso kuyenda anali akukwirira kale. Amayi a kwathu amene ali kuno anabwera madzulo ake, ena ali ndi yunifolomu za kuntchito mkati mwa chitenje. Anaimba nyimbo za maliro. Panja anthu ankadutsa ndi agalu awo, ena atanyamula matawulo akupita kunyanja, chifukwa kuno matendawo anali asanafale. Dzuwa linali lowala kwambiri tsiku limenelo.

Katundu wa m'shopu alamu anamuotcha. Anthu ankaopa kwambiri nthawi imeneyo, ndipo mwini nyumba anati chilichonse chimene malemu anagwira chituluke. Masitensulo onse a zaka zonse zija anapsa. Alamu sindiwaimba mlandu. Chiliza tinagwirizana kuti chidikire mpaka ine nditafika. Podikirapo alamu anakhoma mtanda wa chitsulo ndi kalata, ndipo dzina anakalembetsa kwa anthu odula zilembo ndi kompyuta, zomata ngati masitika.

Miyezi inadutsa. Kumayambiriro kwa nyengo yotentha ya kwathu, alamu anatumiza chithunzi cha kumanda. Dzuwa linali litamatula zilembo. Zina zinagwa, zina zinapindika ngati masamba ouma. Pa dzina lonse panatsala ziwiri kapena zitatu zosagwirizana. Kumbuyo kwake kunkaoneka mitumbira yambiri ya miyezi yomweyo, yofanana msinkhu, dothi lake lofanana, mitanda yake yofanana, yambiri yopanda mayina ngati wathuwu.

"Mlamu, ndisakunamizeni," anatero alamu pa foni. "Ine ndemwe ndinaima kaye pa manda a munthu wina. Ndinayamba kupemphera, ndiye n'kuona kuti mtengo umene timazindikirira manda awo uli mbali yolakwika."

"Nanga mvula ikabwera?"

"Ikabwera ndiye udzu. Mitumbira ikutitimira kale."

Usiku umenewo sindinganene zambiri. Koma m'mawa ndinadzuka ndikudziwa chimene ndikufuna. Munthu amene analemba mayina a anthu onse aja kuti abale awo asasochere, sangagone pansi pa lata lopanda kanthu. Ndinauza mwana wanga kuti ndidula sitensulo ya dzina la bambo ake, titumize pa positi mvula isanayambe.

"Amayi, ku Lilongwe olemba zikwangwani alipo ambiri," anatero. "Tingouza mmodzi alembe ndi penti."

"Alembe ndi zilembo za ndani?"

"Zilembo ndi zilembo, amayi."

Ndinalowa kuchipinda n'kutulutsa nsalu ya kwaya yathu ya amayi, imene amuna anga anadinda. Pali vesi lalitali kuzungulira m'mphepete. Ndinaiyala pa tebulo n'kumusonyeza. Zilembo zawo zinali ndi mapewa otakata ndi miyendo yaifupi, ndipo chozungulira chija sichinali chozungulira ndendende, chinali ngati dzira loimirira. Mwanayo anayang'ana nthawi yaitali, n'kuyendetsa chala pa mzere umodzi. Zilembo zonse za dzina la bambo ake zinalimo m'vesimo. Tinazipeza chimodzichimodzi, iye akuwerenga, ine ndikuika kaphini pa chilichonse. Mwina kunali kuuma mutu kwanga, sindikana. Koma ndinkafuna kuti munthu wa ku Mchesi akadutsa pamandapo azindikire dzanja asanawerenge n'komwe dzina.

Kenaka ndinamupempha kuti akanditengere mafilimu akale a ekisireyi kuntchito kwake, awiri kapena atatu, oti eni ake anathana nawo. Anandiyang'ana, kenaka anayamba kuseka. Anaseka mpaka anagwira khoma, ndipo kunali kuyamba kumumva akuseka chimwalirireni bambo ake.

"Amayi inu! Kuno zimenezo zinatha kalekale. Mafupa onse ali pa kompyuta. Komanso mukufuna andichotse ntchito, ndikutuluka ndi nthiti za anthu m'chikwama?"

"Ndiye anthu akuno amadulira pa chiyani?"

"Amadulira chiyani, amayi? Ndani akudula?"

Wondiyankha funso limeneli anali mayi wa khomo loyandikana nalo, wa ku Zambia, wa ku Lusaka kwenikweni. Amakolopa ku yunivesite ya ku Crawley, ndipo ndi munthu woti sadutsa osayankhula. Anandipeza pakhonde ndikuyeserera pa makatoni a phala la mwana, ndi lezala yothyola pakati.

"Ba Malawi, muchita chani na makatoni? Mwayamba kugulisa tomato?"

Ndinamufotokozera. Anakhala pansi, nthabwala zinatha kaye. Patapita masiku angapo anabwera ndi kampeni kakang'ono konga cholembera, ndi mapepala apulasitiki olimba bwino, amene ana a sukulu ojambula anataya.

"Bana ba pa yunivesiti bachita vamene ivi," anatero m'Chinyanja chake, akusonyeza kudula ndi chala. "Bajuba, bafaka penti, bapasiwa na digiri. Manje imwe muchita mahala, vaulele, pa khonde."

Anandionetsanso pa foni yake zithunzi zimene anajambula m'buku lina losiyidwa pa tebulo kumeneko. Zinali zithunzi zakale za azimayi a ku Falansa ovala madiresi aatali, amaluwa, mitundu yake yowala ngati yapakidwa dzulo. Anati wophunzira wina anamuuza kuti mitunduyo sinkaikidwa ndi makina. Mtundu uliwonse unali ndi sitensulo yakeyake, ndipo odindawo ambiri anali azimayi, atakhala pa mabenchi. Ndinakulitsa chithunzi chimodzi ndi zala. M'mphepete mwa duwa lina penti inali itadutsa pang'ono malire. Ndinadziwa kuti pepala linasuntha, wogwira anatopa dzanja. Zimenezo zinandichitikirapo ine pa nsalu ya sukulu ina, ndipo amuna anga anangoti palibe adzaone. Ndinamubwezera foni ndipo ndinapitiriza kudula.

Ndinayeserera masiku ambiri, khanda likagona masana. Ndinkaika pepala loonekera pa nsalu ija, n'kutsata chilembo, n'kuchisamutsira pa pulasitiki. Poyamba mizere inkatuluka yokhota ngati njira ya nyerere. Chala chinachita thuza. Poti amuna anga ankatseka timilatho ndi burashi, pa nsalupo sitinkaoneka, ndiye ndinkayenera kukumbukira ndekha malo ake. Ngakhale ndikapita mutauni pa sitima, maso anga ankakhala pansi. Pa siteshoni ndi pakhomo pa masitolo anali atalemba pansi pouza anthu poima kuti atalikirane. Zambiri zinali zomata, koma zina zinali za penti, ndipo timilatho take tinkaoneka. Tsiku lina ndinaima nthawi yaitali pa chilembo china mpaka bambo wina wachizungu anandifunsa ngati ndataya kanthu.

Pomaliza ndinadula dzina lonse pa pulasitiki, lopanda cholakwika. Mwana wanga anasangalala, anati mawa lomwe tipite ku positi. Koma ine mtima sunakhale pansi. Ndinatsegula chikwama changa n'kutulutsa filimu ya dzanja ija. Ndinamuuza kuti yapulasitikiyo inali yophunzirira chabe. Yeniyeni ndidula pa iyi.

Nkhope yake inasintha.

"Ayi, amayi."

"Anati ndikabwere nalo."

"Ankaseka! Inali nthabwala!"

"Ndikudziwa."

"Zonse anaotcha. Malaya, nsapato, maburashi. Sitinaone nkhope. Ichi chokha ndi chimene chatsala cha thupi la adadi, ndiye inu mukufuna muchinyike mu beseni, muchitsuke ngati cha munthu wachilendo, muchiboole?"

Ndinangoti dzanja limeneli linalemba mayina a anthu onse, lilembeko la mwini wake. Iye anatenga khanda n'kulowa kuchipinda. Masiku otsatirawo tinkangopatsana moni ndi kuuzana za mwana, kuti wadya, wagona, watentha thupi pang'ono. Filimu ija ndinaisiya pamwamba pa kabati, poonekera, kuti asaganize kuti ndichita mobisa. Ndinali nditatsimikiza kuti akakana ndithu nditumiza yapulasitiki. Nayenso ndi wamasiye, si ine ndekha. Koma masiku ankapita, ndipo alamu ankati mitambo yayamba kusonkhana madzulo.

Tsiku lina mwana wanga anabwera kuchokera kuntchito masana, mizere ya masiki ili m'masaya. Sanavule n'komwe nsapato. Anatenga filimu ija n'kuiimika pa zenera, dzuwa likuwala kumbuyo kwake.

"Bwerani muone," anatero. "Apa ndi pamene panathyoka. Mukuona kamzere aka? Ndiye onani chala ichi, mfundo yake yakula kuposa zinazi."

"N'chogwirira lezala."

"Eya." Anayendetsa chala pa mfundoyo. "Lero ndinagwira dzanja la agogo ena mpaka anatsirizika. Ana awo ali kunja kwa dziko, analephera kubwera. Ndinkangoganiza kuti kaya adadi anawagwira ndani."

Ndinamugwira paphewa. Analira pang'ono, osatulutsa mawu. Kenaka anatenga foni n'kujambula filimuyo pazenera pomwepo, kangapo konse.

"Dulani," anatero. "Koma musatsuke. Dzanja lipite lili pomwepo."

Ndinavomera, ngakhale ndinkadziwa kuti zivuta. Amuna anga ankatsukitsa mafilimu pa chifukwa. Pa pepala loonekera umangoliika pamwamba pa zilembo n'kutsata. Pa lakuda suona kanthu. Ndinachita kutenga sitensulo yapulasitiki ija, n'kuiika pa filimu, n'kulemba m'mabowomo ndi kachidutswa ka sopo kosongola, monga amachitira atelala. Pa malo akuda mzere woyerawo unkaoneka bwino. Koma pamene wadutsa pa fupa, choyera pa choyera, unkasowa.

Linali Loweruka m'mawa. Ndinakhala pakhonde, filimu ili pa thabwa lodulira ndiwo. Mwana wanga anakhala pambali, khanda lili kumsana. Dzina loyamba linali pamwamba, podutsa zala, ndipo linatuluka bwino. Filimu imadulika mosiyana ndi pulasitiki, imalira pang'ono pansi pa mpeni, ndipo kulirako ndinakuzindikira. Ndi phokoso limene ndinkalimva kushopu zaka zonse zija ndikutsuka panja. Dzina la bambo awo linali m'munsi, podutsa pamkono. Chilembo chachiwiri chinali chija chonga dzira, ndipo chinagwera ndendende pamene panathyoka fupa.

Sindikudziwa ngati ndi sopo amene sanaoneke kapena maso anga amene anali pa kamzere ka fupa kaja. Ndinkakumbukira tsiku limene anabwera kunyumba dzanja lili mu pulasitala, akudandaula za dzina la chigayo limene analisiya theka. Mpeni unayenda bwino kwambiri, osaima. Ndinadutsa kamlatho koyamba, ndinadutsa kachiwiri. Ndinazindikira nditamva kanthu kakugwa pa simenti. Mimba ya chilembo inali pansi, pafupi ndi phazi langa, ndipo pa filimu panali chibowo.

Ndinaika mpeni pansi. Amuna anga zikawachitikira zoterezi sankakonza. Ankataya n'kutenga filimu ina. Ine ina ndinalibe, ndipo imeneyi mwana wanga anandipatsa akulira. Sindinathe kumuyang'ana.

Iye anawerama pang'onopang'ono kuti khanda lisadzuke, n'kutola kachidutswa kaja. Anakaika pa chikhatho chake. Kamzere kothyoka kaja kanali pomwepo, pakati pake.

"Ndaononga," ndinatero.

"Dikirani kaye."

"Bambo ako akanataya."

"Adadi anali ndi mafilimu odzaza katoni. Ife tili ndi imodzi." Anakatembenuza kachidutswako. "Kuntchito chikang'ambika sititaya, amayi. Timasoka. Singano muli nayo?"

Singano ndi ulusi ndiye zanga. Tinayatsa kandulo, ndinatenthetsa nsonga ya singano n'kuboola timabowo ting'onoting'ono m'mphepete mwa kachidutswa kaja, ndi tina m'mphepete mwa chibowo. Mwana wanga anagwira kachidutswako pakati ndi kopanira nsidze, dzanja lake osanjenjemera ngakhale pang'ono. Ine ndinadutsitsa ulusi wolimba wosokera mabatani, pamwamba, pansi, kumanja, kumanzere, ndikukoka mofanana kuti mimba ikhale pakati. Mayi wa ku Zambia uja anasuzumira pa mpanda.

"Manje ni opaleshoni?"

"Khalani chete, anti, wodwala angadzuke," anatero mwana wanga, maso ali pa ntchito.

Titamaliza ndinadula zilembo zotsalazo, ndikuima pa kamlatho kalikonse ngati munthu wowoloka msewu. Tinayesa pa katoni ndi penti yakuda pang'ono. Dzina linatuluka lonse. Chilembo chosokedwa chija chinali ndi timizere tinayi toonda kwambiri, pamene panadutsa ulusi. Zina zonse zinali ndi timilatho take wamba. Mapewa otakata, miyendo yaifupi. Mwana wanga anati, "Ndi adadi amenewa." Ndinapukuta filimu bwinobwino, tinaiika pakati pa makatoni awiri, ndipo Lolemba ndinakwera sitima ndekha kukaitumiza ku positi ya mutauni. Mtsikana wa pa kauntala anandifunsa kuti muli chiyani. Ndinati chithunzi.

Filimu ija inachedwa kufika. Ndege zinali zochepa nthawi imeneyo, ndipo palibe amene ankadziwa pamene katundu ali. Chizimalupsa chinagwa ku Lilongwe isanafike. Ndinapempha alamu kuti akamange kansalu pa mtanda, ndipo anakamanga, koma atapitanso anapeza mitanda ina itatu ili ndi tinsalu. Anthu onse ankaganiza zofanana. Kenaka anakwirira chitini chakale cha penti kumutu kwa mtumbira. Tsiku lililonse ndinkafunsa mwana wanga kuti aone pa foni ngati kwathu kwagwa mvula. Yapulasitiki ija inali idakali mu kabati, ndipo nthawi zina ndinkaganiza kuti ndikanatumiza imeneyo tsiku lomwe lija bwenzi itafika kale.

Inafika udzu utayamba kumera. Alamu anaimba pa vidiyo ali kumanda, kwawo kuli m'mawa, kuno masana. Anali atapala lata lija n'kulipaka penti yoyera dzulo lake. Atatsegula makatoni aja n'kuona dzanja, anakhala kaye pansi pa mtumbira wa pafupi. Kenaka anapukuta kumaso ndi chipewa n'kuimirira.

"Chabwino, mlamu. Ndiuzeni. Ine ndimadziwa moto ndi chitsulo basi."

"Mangani filimu ndi selotepi mbali zonse. Isasunthe."

"Ndamanga."

"Nyikani siponji pang'ono. Ayi, alamu, mwachulutsa! Mukufuna kupaka nyumba? Finyirani pa katoni kaye mpaka ikhale ngati youma."

"Youma ilemba bwanji?"

"Ilemba. Ndiye musapake uku ndi uku. Dindani. Ngati mukugogoda pa chitseko cha munthu wodwala."

"Akulu anga ankapirira nanu bwanji?" anatero, koma anachita monga ndinanenera. Foni inagwiridwa ndi akazi awo, ndipo chithunzi chinkagwedezeka. Ndinaona dzanja la alamu, lakuda ndi zipsera za moto, likudinda pamwamba pa dzanja la mkulu wawo. Penti inayamba kuphimba mafupa a zala. Pa chilembo chosokedwa ndinawauza kuti achepetse mphamvu, ndipo anadinda ndi nsonga ya siponji yokha. Mwana wanga anali atandigwira mkono.

"Tsopano matulani selotepi. Nyamulani molunjika, osakoka."

Ananyamula. Chithunzi chinaima, monga chinaimira tsiku la maliro, ndipo tinadikira tikuyang'ana nkhope ya alamu itauma pa foni, pakamwa pali potsegula. Pamene chinayambanso kuyenda, akazi awo anali atayandikitsa foni pa lata. Dzina linali pamenepo, lakuda pa choyera. Chilembo chomaliza chinadontha pang'ono m'munsi. Zina zonse zinali bwino.

"Mipata iyi nditseke?" anafunsa alamu. "Akulu ankatseka."

"Isiyeni. Wotseka wake ndi amene wagona pamenepoyo."

Ndinawauza kuti apukute filimu ndi palafini, aisunge pa msomali pamalo osafika dzuwa. Penti ikadzafufuka adzadindenso.

Malire atatsegulidwa ndinapita kwathu, pamodzi ndi mwana wanga ndi mdzukulu amene agogo ake sanamunyamulepo. Pa chipata cha manda alamu anafuna kutsogola. Ndinawapempha kuti atsale m'mbuyo. Mandawo anali atakula kwambiri, ndipo chigawo cha miyezi ija chinali ndi udzu wofika m'mawondo. Mitanda ina inali itagwa. Ina inali ndi tinsalu tong'ambika, malata ake opanda kanthu, ndipo ndinkaganiza za eni ake. Ndinayenda mzere woyamba, ndinayenda wachiwiri. Manda a amuna anga ndinawaona ndili patali, ndisanathe kuwerenga, chifukwa cha mapewa a zilembo.

Ndinagwada n'kuzula udzu wa patsinde pa mtanda. Kenaka ndinaika chala pa lata n'kuwerenga dzina lawo monga ndimawerengera, chilembo chimodzichimodzi. Pa chosokedwa chija timizere ta ulusi tinali tikuonekabe. Mwana wanga anafika n'kugwada pambali panga, ndipo ndinamva alamu kumbuyo akuuza akazi awo kuti abweretse khasu.